Lipoti la Chaka, Mmene Analimvera Wosoka Mipando

Anatiitana Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro,
m'holo muja amayeseramo utoto pa kuwala.
Kunja nkhungu ya mu Febuluwale inali itameza mtsinje wa Panaro,
mipesa ili mbuu, yopanda ndi tsamba lomwe.
Bwana Ascanio Malagoli anakwera pansanja,
tayi ili psuu ngati chitseko cha galimoto yathu,
nati: Chaka chathachi tagulitsa magalimoto
zikwi zitatu, mazana anayi, khumi ndi awiri.

Tinaomba m'manja.
Ine ndinaomba mosamala,
chala changa chapakati sichipinda kukazizira.

Pakhoma mzere wobiriwira unayamba kukwera
ngati nyerere yanunkhiza shuga.
Phindu lakula ndi magawo khumi ndi limodzi pa zana.
Ku America agula mosaumira.
Ku China mitima yazirala pang'ono,
apa bwana anatsokomola, namwa madzi.
Wofuna galimoto lero adikire zaka ziwiri,
ndipo kudikirako, anatero akumwetulira,
nakonso ndi malonda.

Masamu anga ndi ena.
Galimoto imodzi, mipando iwiri.
Mpando umodzi, singano kulowa ndi kutuluka ka zikwi zinayi.
Zikopa n'za ng'ombe za kumapiri
kumene kulibe waya waminga,
kuti pampando pasaoneke chipsera.
Zipsera tinasunga ndife.

Mu Meyi munthu wina wa ku Doha
anafuna ulusi wofanana ndi maso a kabawi wake woweta.
Anatumiza chithunzi.
Ndinasoka kanayi, katatu ndikuphwasula,
mpaka usiku ndinkalota mbalameyo ikundiyang'ana.
Mu lipoti mulibe kabawi.
Mulibenso Fulgenzio, woyesa magalimoto pabwalo,
amene anapuma ntchito mu Seputembala
khutu lakumanzere litatsekeka,
zaka makumi atatu injini ikubangula kumsana kwake.
Mwina alimo, pa tsamba lachisanu ndi chiwiri,
pamene alemba kuti zowonongedwa zina ndi zina.

Musandimve molakwa, sindikulira.
Bonasi ikubwera mu Epulo.
Denga la amayi ku Nonantola lisiya kudontha.
Mwana wanga Ilaria apitiriza sukulu ku Bologna,
akuphunzira za mabatire,
ndipo wasankha bwino, pakuti bwana anamaliza ndi mawu akuti
galimoto ya mawa idzayenda ndi magetsi, mwakachetechete.

Holo yonse inangoti zii.
Osvaldo wa ku mainjini anatembenuza zikhatho zake
n'kumaziyang'ana ngati kalata yochokera kubanki.
Ine ndinati chamumtima:
ilire, isalire,
matako a olemera adzafunabe chikopa.

Anatipatsa tchizi ndi vinyo wathovu m'makapu apepala.
Eni masheya, kaya ali ku Milano, kaya kuti,
sindinawaonepo nkhope.
Ndimangodziwa kuti chaka chino agona tulo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pakampani pano,
ndinakhalamo kamodzi m'galimoto yathu,
injini ili yozima,
kufufuza khwinya limene wina anati waliona.
Panalibe khwinya.
Ndinakhalabe pang'ono, manja pachiwongolero,
mpaka kapitawo anagogoda pagalasi.

Madzulo ndinatenga njinga ya malemu bambo,
chishalo chake chong'ambika, chomata ndi tepi yakuda.
Woumba mbiya adyera m'phale, ndikudziwa, musandikumbutse.
Pamphambano ya ku Bomporto
imodzi mwa zikwi zitatu zija, kapena mng'ono wake,
inandipitirira m'nkhungu.
Sindinaione, ndinangoimva m'nthiti,
kenako timagetsi tiwiri tofiira, kenako zii.

M'thumba la jekete ndinali ndi kachikopa kotsala,
kakang'ono ngati chikhatho,
kamene kapitawo anati taya kapena tenga.
Ulusi wa maso a kabawi unatsalanso mikono itatu.
Loweruka ndisoka chishalo.
Ameneyo ndiye mpando wokha chaka chino
umene sadzauwerenga pakhoma.